Kalata ya abusa: za mawu aja analankhulidwa pabwalo la sukulu

Okondedwa abale ndi alongo a m'milaga yathu yonse, kuyambira kumsika mpaka kumalayini a m'minda ya tiyi, mtendere wa Ambuye wathu Yesu Khristu ukhale nanu.

Nkhani imene tinaikamba pa seshoni Loweruka lapitali yafika kale m'makomo mwanu, kwina itathiridwa mchere wambiri. Ndaona kuti ndi bwino muimve kuchokera kwa ine. Akulu ampingo aiwerenge kalatayi m'milaga yonse sabata ino.

Ambiri munalipo tsiku lija pamene kunabwera bwana wina wa udindo wake kudzalankhula za chitukuko. Dzina lake sindilitchula. Ine ndinali kutsogolo mu tenti, pampando wa alendo olemekezeka, chifukwa ndine ndinatsegula ndi pemphero. Zolankhula zitafika pakati, bwanayo anayamba kunena anthu amene amamutsutsa, kuti ndi zilema, nzeru zawo n'zopuwala. Kenaka maso ake anagwera m'bale wathu uja amasoka nsapato pakhonde la golosale kumsika, ali panjinga yake yopalasa ndi manja. Anamuloza n'kunena kuti anthu amenewo ngakhale uyu akhoza kuwasiya pa mpikisano wothamanga. Bwalo lonse linafa nalo phwete. Kumbuyo kunamveka nthungululu.

Ine sindinaseke mokweza, koma ndinamwetulira. Ndinamuona m'bale wathuyo akutembenuza njinga movutikira chifukwa pansi panali chinyontho, tcheni chikulira, mwana wake wamkazi wa Sitandade 6 akukankha kumbuyo atazyolika. Anthu anawapatukira osawayang'ana. Pomaliza anandiitananso kuti nditseke, ndipo ndinapempherera mvula, atsogoleri, ndi ulendo wabwino wa alendo athu. Pempherolo linali lalitali ndithu, koma iye munalibemo.

Pofika Lolemba, anyamata kusukulu anali akumuitana mtsikanayo kuti mwana wa katswiri wothamanga. Anajomba masiku atatu.

Pa seshoni tinagawikana. Mkulu wina anati zinali nthabwala chabe, pa msonkhano pamafunika kuseketsa anthu. Wina anati munthu wotere amangidwe basi. Wachitatu ananena chimene ambiri anali nacho mumtima: tikadandaula, mawa mayina athu adzasowa pa kaundula wa chimanga. Mantha amenewa sindikuwapeputsa. Chichokereni namondwe wa Freddy mu 2023, mabanja ambiri kuno ku Mulanje sanaimebe paokha. Koma funso munandifunsa ndi lakuti, kodi mtsogoleri akanyoza anthu aulumali pagulu ayenera chilango? Yankho langa ndi lakuti inde.

Tsegulani 2 Samueli 5. Davide akupita kukalanda Yerusalemu, Ayebusi anamutonza kuti ngakhale osaona ndi olumala amubweza. Davide atapsa mtima anayankha ndi mawu oipa okhudza osaona ndi olumala, anthu amene sanamulakwire chilichonse. Onani chimene wolemba akuwonjezera pa ndime 8: kuchokera pamenepo panabadwa chonena chakuti wosaona ndi wolumala asalowe m'nyumba. Mfumu inalankhula kamodzi, ili pa nkhondo, magazi atatentha. Anthu anatola mawuwo n'kuwasandutsa mwambo wotsekera anzawo pakhomo. Kusiyana kwa pakamwa pa mtsogoleri ndi pakamwa pa munthu woledzera kumsika n'kumeneku. Woledzera akatukwana, ana amadziwa kuti ndi mowa. Bwana wa tayi akanyoza pa chimkuzamawu, ife abusa n'kumwetulira, ana amaphunzira kuti n'zololedwa.

Chilankhulo chathu nachonso chili ndi msampha. Timati munthu wabwera, koma chilema chabwera, chidzete chabwera. Tamuchotsa munthuyo pagulu la anthu n'kumuika pamodzi ndi chitseko ndi chikho. Ndipo chinthu sachipepesa. Makolo anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, pochenjeza kuti aliyense zikhoza kumugwera. Chenjezolo n'loona: funsani amene anagwa pa kabaza wa njinga yamoto, kapena amene matenda a shuga anawadulitsa mwendo. Komabe sitilemekeza munthu chifukwa choopa kuti mawa tidzakhala ngati iye. Levitiko 19:14 imaletsa kutemberera wosamva, munthu amene sangamve n'komwe temberero lakolo, ndipo chifukwa chimene ikupereka ndi kuopa Mulungu.

Amene mukuti mawu sapha, kumbukirani 2017. Mphekesera ya anamapopa inayenda pakamwa kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, anthu n'kuphedwa m'misewu. Itafika ku Blantyre, mmodzi mwa amene anaphedwa anali mnyamata wodwala khunyu. Kumbukiraninso abale athu achialubino, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti alipo oposa 134,000 m'dziko muno. Asanayambe kusakidwa ngati nyama, anali atatchedwa kale napwere ndi mzungudala, kenaka anthu n'kumawakuwiza kuti ndalama zikudutsa. Pa mlandu wa MacDonald Masambuka, amene anaphedwa ku Machinga mu 2018, khoti mu 2022 linapeza olakwa anthu 12, ndipo pakati pawo panali wapolisi, wachipatala ndi wansembe. Ndikutchula wansembeyo dala, kuti ife ovala kolala tisadziyese oyera pa nkhaniyi.

Tsono chilango chake chikhale chotani? Apa ndasiyana ndi mkulu uja anati amangidwe. Malamulo omanga munthu chifukwa cha mawu tili nawo kale, ndipo taona kumene amaluma. Linalipo la 1967 loletsa kunyoza mtsogoleri wa dziko. Lilipo la 2016 la za pa intaneti, limene anthu amangidwa nalo chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp kapena pa Facebook. Kawirikawiri amene amagona m'chitokosi ndi wamng'ono amene wanyoza wamkulu. Mpeni wotere tikaunolanso, sindikhulupirira kuti udzayamba kucheka mabwana. Ngakhale kumudzi zili chimodzimodzi: tukwanani mfumu muone ngati mbuzi yanu igona m'khola. Koma mfumu ikatukwana wosoka nsapato, ndani amaitanitsa bwalo?

Pamenepo m'pamene pali chilungamo chopendekera. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 19, amati ulemu wa munthu aliyense sungaphwanyidwe, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho, n'kutchula ulumali mwachindunji. Gawo 12 limati amene ali ndi mphamvu za boma anachita kusungitsidwa ndi anthu. Mwa anthu osungitsawo, kalembera yemwe uja anapeza kuti pafupifupi mmodzi pa 10 aliwonse ali ndi ulumali wina wake. Galimoto imene bwana uja anabwera nayo, mafuta ake anachokera ku msonkho, ndipo wosoka nsapato amadula chiphaso cha msika tsiku lililonse ngati wina aliyense. Mlonda amene watukwana mwini nyumba sitimutengera kundende, koma sitimusiyiranso makiyi ngati palibe chachitika.

Choncho ine ndikuti abwerere pabwalo lomwe lija, pa chimkuzamawu chomwe chija, apepese m'Chichewa chomwe ananyozera. Kalata yachingerezi yochokera ku ofesi, yonena kuti anthu sanamumvetse, imeneyo ayi. Ngakhale ku Nyumba ya Malamulo phungu akalankhula zosayenera, Sipikala amamulamula kuti abweze mawu pomwepo, akakana amatulutsidwa. Ndipo kupepesa kwa pakamwa pokha sikukwana. Kwathu kuno wolakwa amapereka chindapusa, ndipo chimapita kwa wolakwiridwa. Davide yemwe uja, pofika mutu 9, anaitanitsa Mefiboseti, mwana wolumala wa Yonatani, kuchokera ku Lodebara. Mvetserani mmene Mefiboseti anadzitchulira pamaso pa mfumu: galu wakufa. Munthu sabadwa akudzitcha choncho, amachita kuphunzitsidwa. Davide sanamupatse mawu okoma okha. Anamubwezera minda yonse ya agogo ake, Sauli, n'kumukhazika pagome lake masiku onse. Bwana wathuyu akakana zonsezi, kapena akadzabwereza, ndiye kuti udindo wamukulira, ndipo amene anamuika pampando amutsitse. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Seshoni yagwirizana kuti tiyambe tamulembera mwiniwakeyo, monga Mateyu 18 amatiphunzitsira. Akapanda kuyankha, tidzatengera nkhaniyi kwa akuluakulu ake ndi ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, ndipo tidzapempha a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, kuti atiunikire njira. Kalatayo ndisayina ndine ndi mlembi wa seshoni, kuti pasapezeke banja limene liopa za kaundula. Zonsezi tazichita m'bale wathuyo atavomera, pakuti nkhaniyi ndi yake.

Ndinapita kukamuona Lachiwiri. Ndinamupeza akusoka silipasi ya mwana, ulusi uli kukamwa. Ndinakhala pa benchi la makasitomala n'kupepesa. Sanasiye kusoka. Atamaliza anati: "Abusa, bwana uja sandidziwa, inenso sindimudziwa. Koma inu munabatiza mwana wanga." Ndinasowa poyika maso.

Kenaka anandifunsa ngati ndikudziwa kuti pakhomo la tchalitchi chathu pali masitepe angati. Sindinadziwe, chonsecho ndimakwerapo tsiku ndi tsiku. Alipo anayi. Lamulungu lililonse amasiya njinga pansi pa mtengo wa mango, anyamata a kwaya n'kumunyamula ngati thumba la feteleza, ndipo tsiku limene anyamatawo achedwa amamvera ulaliki ali panja, pawindo. Ulaliki wake womwe uja ine ndimakonda kufuula kuti ena mwa inu ndinu akhungu mu uzimu, olumala m'chikhulupiriro. Mateyu 21:14 amati osaona ndi olumala anabwera kwa Yesu m'Kachisi momwe, malo amene chonena cha masiku a Davide chinawatsekera. Ife tinamanga nyumba ya Yesu yemweyo n'kuikapo masitepe anayi. Mawu aja akuti akhungu mu uzimu ndi olumala m'chikhulupiriro ndasiya kuwalankhula pa gome, ndipo alaliki a m'milaga muwasiyenso.

Amayi a Mvano, poyenda m'makomo mwezi uno funsani mwaulemu za ana amene satuluka. Tikudziwa kuti alipo amene amatsekeredwa m'nyumba alendo akabwera. Makolo ake musawadzudzule, akhala akusekedwa mokwanira. Auzeni kuti ku Bvumbwe kuli sukulu ya ana osamva ya Mountain View, ndipo mpingo uthandiza pa za ulendo. Aphunzitsi a Sande sukulu, dzina lija anyamata apatsa mtsikana uja lithe, ndipo ena mwa anyamatawo ndi ana a akulu ampingo.

Loweruka likubwerali tikumana kutchalitchi 7 koloko m'mawa kuti tigumule mbali imodzi ya masitepe ndi kumanga njira yotsetsereka. Mlaga uliwonse ubweretse njerwa ndi mchenga, simenti igulidwa ndi thumba la chitukuko. Amene muli ndi mawilibala ndi mafosholo musawaiwale. Woyang'anira ntchito akhala m'bale wathu yemwe uja, chifukwa wati mabilidala akasiyidwa okha amamanga chitunda choti njinga singakwere.

Moni kwa odwala ndi okalamba onse amene sakutha kufika ku mapemphero.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.