Ndabwerako ku Nepal, mvera izi

Iwe mnzanga,

Uli bwanji ku Leeds uko, chisanu sichinakumalize? Kuno ku Chilenje tilipo, fumbi chabe ndiye latikwana.

Paja ndinakuuza za msonkhano wa kuntchito uja wa ku Nepal. Ndabwerako sabata yatha. Tsiku lomaliza anatitengera ku Pokhara kukaona International Mountain Museum, nyumba yaikulu imene anaitsegula mu 2004, nkhani yake mapiri okhaokha. Ine ndinalowa monyinyirika, ndimati ndikaonako chiyani, zithunzi za azungu atavala majekete? Zilipodi, pamodzi ndi zingwe, nsapato zakale ndi nkhani ya Tenzing Norgay ndi Edmund Hillary amene anafika pansonga ya Everest mu 1953, koma apo ndinangodutsa.

Pomwe ndinaima nthawi yaitali ndi mbali ya anthu a m'mapiri, a Sherpa ndi anzawo. Pali dengu lawo lansungwi lotchedwa doko, amalibereka kumsana koma lamba wake amadutsa pamphumi, ndiye katundu yense akulemera pakhosi, munthu nkumakwera naye chitunda tsiku lonse. Ndinakumbuka amayi ako akutsika ku Kanjala ku Chipata ndi mtolo wa nkhuni pamutu, ife tikuwatsatira m'mbuyo ndi tinthambi tiwiri nkumadandaula kuti tatopa!

Manje imva iyi. Ukatuluka panja kukakhala kopanda mitambo umaona phiri losongoka lotchedwa Machhapuchhre, mamita 6,993, ati dzinalo ndi mchira wa nsomba. Salola munthu kulikwera chifukwa ndi lopatulika. Gulu la ku Britain linayesa mu 1957 koma linabwerera patatsala pang'ono kufika pansonga, mwadala, posunga lonjezo loti sadzaponda pansongapo. Ine pomwepo mtima unathamangira ku phiri la Mulanje ku Malawi, ku nsonga ya Sapitwa ija ya mamita 3,002, kumene wotiperekeza anatiuza kuti tikapeza chakudya m'njira tidye osaitana mnzathu, ndi cha mizimu, iwe nkuyamba kuseka mpaka bamboyo anakwiya. Ndinawafotokozera anzanga a ku Nepal, sanaseke ngakhale mmodzi, anangogwedeza mitu.

Ndakugulira kachipewa ka ubweya, kakuyenera iwe wa kozizira, kuno ndingafe nako thukuta. Ukubwera pa Khisimasi kapena ndipatsire mlamu wako? Upereke moni kwa ana.

Ndine mnzako wa kale uja.