Zikomo chifukwa cha mtsikana amene ananditembenuzira kompyuta

Okondedwa Bwana Oyang'anira,

Ndikulemba kuchokera kuno ku Mulanje, cha kufupi ndi Chitakale. Musadzidzimuke poona dzina langa. Ndikudziwa kuti kuyambira mwezi wa Okutobala lakhala likufika ku maofesi anu litasenza madandaulo okhaokha a intaneti yanu, koma lero ndabwera ndi zikomo. Mwini wake wa zikomoyu ndi mtsikana amene amakhala pa desiki ya pakona, pafupi ndi zenera, ku ofesi yanu ya m'tauni. Dzina lake sindilemba pano poti kalatayi aiwerenganso anthu ena, koma inu mukumudziwa.

Intaneti ya wayayi anatilipirira ndi mwana wathu wamkazi amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Anatopa ndi mafoni ongodukaduka akamafuna kuona nkhope ya mayi ake, ndiye anati mutikokere waya mpaka m'nyumba, iye azilipira 100 GB mwezi uliwonse. Miyezi yoyambirira zinkayenda bwino, mwezi unkatha data ikadalipo. Kenaka zinthu zinasintha. Pofika pa 17 kapena pa 18, intaneti zii. M'nyumbamo tilimo anthu anayi okha: ine, mayi a kunyumba, ndi adzukulu awiri. Ndiye 100 GB yonseyo inkalowera kuti?

Kuti mumvetse chomwe chinkandiwawa, dziwani kuti ine ndinagwira ukalaliki pa esiteti ya tiyi zaka 31. Ntchito yanga inali ya pa sikelo. Wothyola tiyi akabwera ndi masamba ake, ankaima pambali panga n'kumaona yekha pamene muvi waima, ine n'kulemba makilogalamu m'buku iye akuona. Ambiri a iwo sanapite kusukulu, koma sikelo ankaidziwa kuposa ine. Ukangoima moitchinga, phokoso linkabuka pomwepo, ngakhale usanamubere munthu tsamba ndi limodzi lomwe. Ine sindinkapempha kuti mundibwezere ndalama kapena mundiwonjezere data. Ndinkangofuna kuona sikelo yanu.

Ndinayamba ndi kuimba foni. Ananditsegulira kanyimbo kaja, ndinakamvera mpaka mayunitsi anandithera. Tsiku lina foni inayankhidwa, ndipo wondiyankhayo anati ndizimitse rauta, kabokosi kaja kogawa intaneti m'nyumba, ndidikire pang'ono, ndiyatsenso. Ndinamuuza kuti kuno magetsi amatizimitsira okha rautayo mwina kawiri pa tsiku, koma data siibwerera. Anati nkhani yanga ailemba. Kaya anailemba pati.

Ndinakwera minibasi ya m'mamawa, kudzera ku Nkando ndi Midima, mpaka ku ofesi yanu. Pa zenera loyamba ananditumiza pa lachiwiri, pa lachiwiri anati izi ndi za a zaluso, a zaluso anali atapita kokadya. Nditadikira mpaka dzuwa kupendeka, mnyamata wina anandiyankha maso ali pa foni yake: "Madala, intaneti imatha mukamaigwiritsa ntchito." Anzake anaseka. Ulendo wachiwiri anati sisitimu yagwa, ndibwere mawa. Mawa la munthu wa ku Mulanje ndi ndalama ya minibasi popita ndi pobwera, kuphatikiza kabaza, ndipo zonsezo zimachoka pa penshoni. Za penshoniyo nazonso ndinazunzika nazo pa maofesi ena zaka ziwiri, fayilo ikusowa lero, mawa ipezeka, mkuja isowenso, choncho mabenchi a m'maofesi ndimawadziwa bwino kuuma kwake.

Kenaka munatitumizira munthu wa zaluso. Anafika masana, anayang'ana timagetsi ta pa rauta, anati zonse zili bwino. Anadya nsima, tinamupatsa zinanazi ziwiri, ndipo ponyamuka anakumbutsanso za "ya mafuta". Lipoti lomwe analonjeza tikulidikirabe. Ameneyonso dzina lake sinditchula.

Nditaona choncho ndinati ndidziyezera ndekha. Mdzukulu wanga wamkulu, amene ali Fomu 3, anandionetsa tsamba la rauta pa laputopu pamene pamaoneka nambala ya data yomwe yadutsa. Ndinagula kope, ndinajambula mizere monga tinkachitira ku esiteti, ndipo madzulo alionse ndinkalemba. Koma manambalawo ankandizunguza mutu. Lero 9 GB, mawa 2 GB, ngati madzi akubwerera kumtunda. Nditawaphatikiza onse sanafike ndi theka lomwe la zomwe inu munkanena. Pamenepo ndinatsimikiza mumtima kuti mukutibera, ndipo, ndivomere pano, ndinauzako anthu angapo kutchalitchi.

Ulendo wachitatu ndinanyamuka nditakonzeka kukangana. Mawu ndinali nditawasanja usiku wonse. Kunali chiperoni m'mawa umenewo, phiri silinkaoneka n'komwe, ndipo pofika pa siteji jekete linali litanyowa kale. Tili cha ku Thuchila ndi pamene ndinazindikira kuti mandala ndawasiya patebulo. Ndinafika ku ofesi kwanu wonyowa, wosaona bwino, mtima uli m'mwamba.

Mtsikanayo anandiona ndili pa mzere ndikufinya maso kuti ndiwerenge kapepala ka nambala. Anadzuka, anabwera pomwe ndinali, n'kundipatsa moni wa manja awiri. "Bambo, mwachokera kutali?" Nditati ku Mulanje, anakatenga mpando wake weniweni, uja wofewa, n'kundipatsa, iye n'kukokera kampando ka pulasitiki. Jekete langa analiyanika pa msana pa mpando wina. Ine ndinayamba mawu anga aja ndinawakonza usiku, mokweza ndithu, mpaka mlonda anasuzumira. Sanandidule pakamwa. Nditamaliza anati, "Pepani bambo, mwavutika. Tiyeni tionere limodzi."

Ndiye anagwira kompyuta yake n'kuitembenuza kuti iyang'ane kwa ine.

Bwana, kwa inu mwina n'kanthu kochepa. Koma maulendo onse aja ndinkangoona kumsana kwa makompyuta anu, anthu akundiwerengera zomwe ine sindikuziona. Uyu anandionetsa sikelo. Atazindikira kuti ndilibe mandala anakulitsa zilembo mpaka manambala anakula ngati a pa kalendala, n'kumaloza ndi kumbuyo kwa bolopeni tsiku ndi tsiku, mwezi wonse.

Kope langa sanaliseke. Analitsegula tsamba ndi tsamba, anafunsa kuti mizere yowongoka chonchi ndinaiphunzira kuti, ndipo nditamuuza za ku esiteti anati agogo akenso ankathyola tiyi ku Thyolo. Kenaka anandionetsa pomwe panagona vuto. Rauta ya mtundu womwe munatipatsa imayambanso kuwerenga kuchokera pa ziro nthawi iliyonse yomwe yazima. Magetsi akathima masana, zonse za m'mawa zimafufutika. Anayerekeza masiku omwe nambala yanga inatsika, n'kundifunsa ngati magetsi anazima masiku amenewo. Anazimadi. Anandiuzanso chinthu chomwe palibe anandiuzapo chiikireni waya uja: kuti inu mumawerenga mbali zonse ziwiri, zomwe zikulowa m'nyumba ndi zomwe zikutuluka. Ine ndinkaganiza kuti data imatha pokhapokha ukamaonera kanthu.

Pa kompyutapo pankaoneka kuti data yambiri inkapita usiku, nthawi yomwe ife tonse tili m'tulo, makamaka Lamlungu. Anandifunsa kuti zipangizo zolumikizidwa ndi zingati. Ndinawerenga ndi zala: mafoni atatu, laputopu, TV. Zisanu. Anapempha nambala ya mdzukulu wanga, amene tsikulo anali pakhomo, anamuimbira pa foni ya ofesi, n'kumutsogolera pang'onopang'ono: ayang'ane pansi pa rauta pomwe palembedwa adiresi yake, ija yoyamba ndi 192.168, alowe, apeze mndandanda wa zipangizo. Mnyamatayo anakhala chete kanthawi, kenaka ndinamva mawu ake akutsika. Zinali 14.

Apa ndi pamene ndinakumbukira. Mu Okutobala, pa nthawi ya Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, kunyumba kunadzaza alendo ndi achinyamata a m'mudzimo. Pasiwedi ine sindinauze munthu, ndipo ndinalumbira pa desikipo. Mtsikanayo anamwetulira, anatulutsa foni yake n'kundionetsa kuti mafoni a masiku ano amatha kugawa Wi-Fi ndi kachithunzi ka timabokosi kaja amati QR, wina n'kungojambula, basi walowa, pasiwedi osaitchula n'komwe. Ine ndinkadabwa kuti anyamata a pafupi ayamba liti kukonda mthunzi wa mpanda wathu, mpaka usiku kuli udzudzu. Ndinkati ndi ulemu, akubwera kudzacheza ndi agogo.

Sizinathere pa anyamatawo. Laputopu ya mdzukulu inkadzikokera yokha zokonzanso za Windows, poti ikaona Wi-Fi imayesa kuti data ndi yopanda malire pokhapokha utaiuza. Foni ya mayi a kunyumba, amene amajambula nyimbo zonse za amayi a Mvano kuyambira poyamba mpaka pomaliza, inkatumiza mavidiyo onsewo ku Google Photos usiku tikagona. Ndiyo data ya Lamlungu ija. TV nayo ana akagona pampando inkangopitiriza vidiyo ina pambuyo pa inzake mpaka kucha. Ananditchulira kuti pa Netflix chithunzi chamba chimadya pafupifupi 1 GB pa ola, pomwe chowala kwambiri chija amati HD chimatha kufika 3 GB pa ola limodzi lomwelo. Ndinawerengera mumtima ngati kalaliki: maola awiri pa tsiku, masiku 30. Ndinangoti kukamwa yasa.

Ndinachita manyazi. Wakuba amene ndinkamufuna m'tauni anali pakhonde panga ndi m'chikwama cha mayi a kunyumba. Koma mtsikanayo sanandionetse kuti wandigonjetsa. Anati, "Bambo, si inu nokha, ambiri sauzidwa zimenezi poika." Mawu amenewo muwamve bwino, Bwana, poti anawanena ndi wantchito wanu, osati ine.

Nthawi ya nkhomaliro inakwana. Anzake anamukodola kawiri ali pakhomo, mmodzi mpaka analoza wotchi. Iye anangowakwezera dzanja. Anatenga kope langa lomwe lija, anatsegula tsamba la kumapeto, n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu, kuti ndithe kuwerenga ngakhale popanda mandala, zoti tikachite: kusintha pasiwedi, kuuza laputopu kuti intaneti yathu ndi yoyezedwa, kuletsa foni ya amayi kutumiza mavidiyo yokha, kutsitsa kuwala kwa chithunzi pa TV. Mayina a mabatani ake ine sindingawabwereze, mdzukulu ndiye anawatsata. Pansi pake anajambula kabokosi n'kulembamo njira yoonera data yotsala kuchokera kwa inu, osati ku rauta, ndipo anati nambala imeneyo ndiyo ndizilemba m'kope langa, poti siifufutika magetsi akazima. Anandiuzanso kuti mufoni ndi mulaputopu momwemo muli malo oonetsa pulogalamu iliyonse ndi data yomwe yadya, kuti mlandu ukabuka pakhomo tisamalozane zala.

Potsanzikana ndinapinda kandalama kuti agule chakumwa, poti nkhomaliro inali itamupita chifukwa cha ine. Anabweza dzanja langa ndi manja ake awiri. "Ayi bambo, imeneyo muwonjezere pa thiransipoti." Ndinakumbukira zinanazi zanga ziwiri zija ndi ndalama ya mafuta. Anandiperekeza mpaka pakhomo, atandinyamulira jekete lomwe linali litayamba kuuma.

Loweruka lotsatira, ndili kudimba, foni inalira. Anali iyeyo. Ankafunsa ngati pasiwedi inasinthika bwino ndiponso ngati mandala ndinawapeza. Chibadwire changa palibe ofesi inayamba yandiimbirapo ine ndisanaiimbire, kupatula pofuna ngongole. Mayi a kunyumba analanda foniyo n'kumudalitsa mpaka ine kuchita kuwakumbutsa kuti mwanayo ali pa ntchito.

Lero ndi pa 26, ndipo m'kope langa mwalembedwa kuti kwatsala 61 GB. Mwana wathu wa ku Johannesburg timamuona madzulo alionse, chithunzi osaduka.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, mtsikanayu mumuuze kuti kalata yake yafika, ndipo ikadzakwana nthawi yoona za okwezedwa pa ntchito, tsamba lino lidzakhale mufayilo yake. Chachiwiri, zomwe anandifotokozera pa ola limodzi lija zikanatha kunenedwa tsiku lomwe munkakhoma waya pakhoma langa, kapena pa ulendo woyamba, kapena pa wachiwiri. Makompyuta a pa madesiki ena aja ndinawayang'ana bwino, nawonso amatembenuka. Mukanati muzitumizanso kauthenga pa foni data ikafika theka, nkhalamba zina sizikanakwera minibasi katatu.

Kutchalitchi ndinakabweza mawu anga aja Lamlungu lapitali, pamaso pa anthu omwewo ndinawauza. Anyamata a pampanda anasowa okha pasanathe masiku awiri chisinthireni pasiwedi. Mmodzi yekha ndi amene analimba mtima, anabwera dzulo kudzafunsa ngati intaneti ya agogo yawonongeka.

Ine kasitomala wanu,
Kalaliki wopuma pa ntchito,
Chitakale, Mulanje