Mwana wa achimwene akubwera pa holide, ndipite naye ku Kulamba?

Ambuya,

Ndine mayi wa zaka 43, ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata ndipo ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yanga. Ana anga awiri adakula n'kuchoka, ndiye pakhomo padazizira. Sabata yatha achimwene anga a ku Lusaka adandiimbira kuti sukulu zikatsekera mu Ogasiti akweza basi mwana wawo wamkazi wa zaka 9 kuti adzakhale nane milungu itatu. Ndidavomera pomwepo. Koma nditangodula foni mtima udayamba kuthamanga, chifukwa ulendo wapita sizidayende bwino.

Adabwera mu Disembala, mvula ili pakati. Tsiku loyamba lomwe magetsi adazima, foni yomwe adamupatsa makolo ake idatha moto, mwana adangokhala pampando pafupi ndi zenera ngati mlendo wodikira basi. Ndidaphika nkhwani wotendera, wa nsinjiro zosinja ndekha, iye adangonyomolako kawiri n'kundifunsa ngati kuno kumapezeka tchipisi. Tsiku lililonse funso linali limodzi: “Anti, tipita liti kwathu?” Mawu oti azakhali sawadziwa n'komwe. Adakhala masiku asanu okha, bambo ake n'kudzamutenga.

Tsiku limodzi lokha ndi lomwe ndidamuona akuseka. Madzulo ake mvula itakata kudatuluka inswa. Ana a aneba adaika beseni la madzi pansi pa nyale, iye adayamba waima patali atagwira siketi yake. Posakhalitsa ndidamuona ali pakati pa anzakewo, nsapato atazitaya, mapiko atamumatirira kumaso ndi m'tsitsi, akukuwa kuti wagwira zambiri kuposa onse. Titazikazinga adadya, ndipo adapempha zina. Kuyambira pamenepo ndimadziuza kuti mwanayu sadana ndi kwathu kuno ayi, ine ndi amene ndidalephera kumulowetsa m'zinthu.

Mu Ogasiti inswa kulibe, kuli mphepo ndi fumbi basi. Ndiye ndakhala ndikuganiza zina. Ndikufuna tsiku lina tidzalawire kukwera phiri la Kanjala dzuwa lisanatenthe, aone tauni yonse ili pansi. Ndidzamukweze njinga zathu zonyamula anthu zija popita kumsika, poti ku Lusaka adazolowera minibasi. Ndasunga tizidutswa ta zitenje m'thumba kuti ndimuphunzitse kusoka diresi la chidole, kaye ndi singano yapamanja, makina pambuyo. Mtedza wa chaka chino ulipo, tidzakazinga n'kusinja chiponde. Atsikana a pano amasewera chiyato ndi fulaye madzulo, ndawanong'oneza kale kuti adzamutenge. Koma Ambuya, zonsezi zikhoza kutha sabata imodzi, ndipo ine sindingatseke makina milungu itatu, chifukwa ino ndi nyengo ya maukwati ndipo m'pamene ndimapezako kangachepe.

Ndidaganizaponso za ku Mfuwe. Ndi mtunda wa makilomita oposa 100 kuchoka pano, ndipo nyengo yachilimwe ino nyama za ku South Luangwa zimasonkhana kufupi ndi mtsinje, njovu, mvuu, ngakhale nyamalikiti za mtundu wopezeka m'chigwa cha Luangwa mokha. N'zochititsa manyazi kunena, azungu amachoka kutali kudzaziona koma ine wobadwira konkuno sindidapondeko. Vuto ndi thumba: thiransipoti ya anthu awiri, yolowera, galimoto yozungulira nayo m'nkhalango. Kodi n'kulakwa kuuza achimwene kuti athandizeko, poti ndine ndidavomera kulandira mwana?

Koma chomwe chandilembetsa kalatayi ndi Kulamba. Mwambowu umachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti ku Mkaika, ku Katete, ndipo mwanayu adzakhala akadali kuno. Mafumu a Achewa a muno mu Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, kumakhala gule wamkulu, anamwali amavina, ng'oma kulira tsiku lonse. Ife ndife Achewa a konko, mayi athu akadali kumudzi kufupi ndi Katete, ndipo akulakalaka kuona mdzukulu wawo. Ine ndidapita koyamba ndili wamng'ono ngati iyeyu, nditagwira chitenje cha mayi, ndipo makanja aja oyenda pamitengo italiitali ndimawaonabe m'maso mpaka lero.

Nditatchula zimenezi pafoni, alamu anga adakana kwamtuwagalu. Akuti mwana wawo ndi wa mpingo, asakaone zinyau, adzayamba kulota zoopsa. Achimwene, monga mwa masiku onse, adangoti “muona nokha achemwali” n'kupereka foni kwa akazi awo. Inenso ndimapemphera, Lamulungu sindijomba, koma sindikuona kuti kuonerera gule uli chiimire pagulu ndi kulowa gule. Chimene chikundiwawa n'chakuti mwanayu amadziwa nyimbo zonse za pa TikTok, koma ukamuuza kuti “padangokhala” sadziwa kuti ayankhe “tili tonse”. Komanso ndikudziwa malire anga. Pachichewa mwana ndi wa kuchikazi, ine azakhali ndilibe mawu ambiri. Mnzanga wina wandiuza kuti ndingopita naye mwakachetechete, koma mwana wa zaka 9 sasunga chinsinsi, akadzangofika ku Lusaka adzafotokoza zonse asanavule n'komwe nsapato, ndiye chibale n'kutha.

Ndithandizeni Ambuya. Ndiwalankhule bwanji alamu anga kuti amvetse popanda kuoneka ngati ndikunyoza chikhulupiriro chawo? Kapena ndingopita naye kumudzi kwa agogo ake masiku ena, za Kulamba ndizisiye mpaka adzakule adzasankhe yekha? Nanga foni ija, ndidzamulande masana kapena ndimusiye nayo? Ndikuopa kuti ndikalanda adzalira n'kuimbira mayi ake pa foni yanga, ndikamusiya nayo adzakhalanso pazenera paja. Tikiti ya basi akuti agula sabata yamawa.

Azakhali othedwa nzeru,
Kapata, Chipata