Ndikufuna kulembetsa dzina la malemu mayi pamkono

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 28. Kwathu ndi ku Dedza koma ndakhala ku Mayfair, kuno ku Joni, kuyambira 2018. Ndimagwira ntchito kukhitchini ya lesitilanti ina ku Fordsburg. Anzanga akuti nkhani yanga ndi yachibwana, koma ine ikundisowetsa tulo.

Mayi anga anatisiya mu Januwale 2021, nthawi ija boma la kuno linatseka zipata za m'malire chifukwa cha Covid-19, cha Beitbridge chomwe. Mwambo wa maliro ndinauonera pafoni, mlongo wanga akujambula uku akulira. Pomwe ndinkafika kumudzi, pamtumbira panali patamera kale udzu. Chiyambire pamenepo mtima sunakhazikike. Ndiye ndaganiza zolembetsa dzina lawo ngati tatuu, mkati mwa mkono wamanzere, pafupi ndi pomangira wotchi. Dzina lokha basi, popanda maluwa kapena nkhunda. Sindinalembetsepo chilichonse pathupi chibadwire.

Chikundiopsa kwambiri ndi khungu langa. Ndili Fomu 2 ndinabooletsa makutu, ndipo kukhutu lakumanja kunatuluka kachotupa kolimba ngati nsawawa. Kalipobe mpaka lero, n'chifukwa chake ndimakonda duku. Anesi a kukiliniki anandiuza kuti ndi keloid, chipsera chimene chimakula kupitirira pomwe panali bala, ndipo chimakonda ife akhungu lakuda. Tsono tatuu ndi singano yobaya kambirimbiri mpaka inki italowa pansi pa khungu lapamwambali. Ngati kubaya kamodzi kunandipatsa nsawawa ija, nanga dzina lonse? Sindikufuna dzina la mayi anga lidzatukumuke ngati mzere wa mbatata.

Malo ndafunsa awiri. Pali mnyamata wina wakwathu konkuno, amalemba anthu m'chipinda chake ku Hillbrow ndi kamakina kogula pa intaneti. Iye akuti R250. Ndinaperekezako mnzanga, ndipo kunena chilungamo dzanja ali nalo. Singano anatsegula yatsopano ife tikuona. Koma magolovesi omwewo anagwirira foni, n'kugwiranso bala, ndipo inki yotsala m'kachivindikiro anaibwezera m'botolo. Ine ndinangoti kukamwa pululu. Hepatitis B ndi C, ngakhalenso HIV, zimayenda m'magazi, ndipo ine kuno ndilibe medical aid, inshuwaransi ya zachipatala ija. Kwinako ndi ku shopu yeniyeni ku Melville. Anandionetsa makina ophera majeremusi pazitsulo, anandifunsa za matenda, ndipo nditawaonetsa khutu lija anati ndiyambe ndaonana ndi dokotala wa khungu. Mtengo wawo ndi R1 200. Azakhali, imeneyo ndi ndalama imene ndimatumiza pa Mukuru kuti bambo agulire feteleza. Ndikaiwerenga ndimamva ngati mayi omwewo akundiyang'ana.

Palinso za kuntchito. Akuti balalo lisanyikidwe m'madzi kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, lisakandidwe, lisapse ndi dzuwa. Ine manja anga amakhala mu sinki kuyambira m'mawa mpaka usiku, kutsuka mapoto a biriyani. Holide kulibe. Ukajomba masiku atatu, umapeza wina atavala epuloni yako.

Koma zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi za kumudzi. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo wa CCAP. Nditangowatchulira pafoni, sanakalipe, anangoti nditsegule Levitiko 19:28. Ndinatsegula. Vesilo likuletsa kudzicheka chifukwa cha akufa ndiponso kutema mphini, ngati kuti analembera ine ndendende. Ndinakhala chete. Komabe pali chimene chikundizunguza mutu. Agogo anga, mayi awo a bambo omwewa, anali ndi mphini m'masaya ndi pamphumi, zotemedwa ali namwali kuti akongole. Ankavala yunifolomu ya Chigwirizano n'kukhala kutsogolo m'tchalitchi, ndipo palibe anawalozapo chala. Ineyo pachifuwa ndili ndi timphini titatu tomwe ananditema ndili wakhanda nditadwala, bambo akudziwa. Kodi mphini ya lumo ndi makala ndi mwambo, koma ya makina ndi inki ndiye tchimo? Funso limeneli sindingawafunse bambo, angati Joni yandichotsa ulemu.

Ndiye pali abambo amene akufuna kundimanga banja, a ku Ntcheu, amayendetsa Uber konkuno. Chinkhoswe tapangana kuti chidzakhale mu Disembala. Iwo akuti thupi ndi langa, koma akupempha kuti ndidikire mwambowo udutse, chifukwa alongo awo anayamba kale kunditchula kuti “wa ku Joni uja”, ndipo akadzaona zolembalemba pamkono ankhoswe adzavutika kuyankha. Ndinawapsera mtima tsiku limenelo. Usiku wake ndinadzifunsa kuti ngati ndikubisa dzina la mayi anga kwa apongozi, ndiye ndikulembetseranji? Mnzanga akuti ndiike paphewa pobisika ndi bulauzi, koma ine ndimafuna pomwe ndiziliona ndikamagwira ntchito.

Ndikudziwanso kuti kufufuta si masewera. Amawotcha ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser maulendo angapo, mtengo wake umaposa wolembetsera, ndipo pakhungu ngati langa pangatsale chigamba chotuwa.

Ndithandizeni, Azakhali. Kodi munthu wokhala ndi keloid ayesere dala kadontho kamodzi kaye, kapena angoiwala? Bambo ndiwauze zisanachitike, kapena adzangoona ndikutsika basi? Mlongo wanga akuti ndalamayo ndiwonjezere tikamange chiliza pamanda a mayi, poti mpaka lero pali kamtanda ka thabwa kokha. Mwina akunena zoona. Koma chilizacho chidzakhala ku Dedza, ine ndili kuno.

Ndine mwana wanu,
Nachisale,
Mayfair, Johannesburg