Ndinatsika mumgodi wa ku Joni

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Leeds kumeneko. Kuno ku Matero, mu Lusaka, tonse tili bwino, kutentha kokha ndi kumene kwativuta.

Ulendo wa ku Durban uja tinayendadi, anthu asanu m'galimoto ya amalume. Tinadzera ku Livingstone n'kuwoloka pa mlatho wa Kazungula umene anatsegula mu 2021. Zodikira pantoni zija zinatha. Za ukwati ndidzakuuza pafoni. Chandilembetsa kalatayi ndi tsiku limodzi lomwe tinaima ku Johannesburg, pa Gold Reef City.

Ana ankangofuna zokwerakwera, poti pamwamba ndi malo amasewera. Koma malowo anamangidwa pa mgodi weniweni wa golide, shafuti nambala 14 ya Crown Mines. Golide wa kuderalo anapezeka mu 1886 pa famu ya Langlaagte, ndipo mzinda wonse unamera chifukwa cha iyeyo. Ndiye Joni uja ankamutchula agogo.

Anatipatsa zipewa zolimba ndi nyale, n'kutilowetsa mu keji, chikepe chotsikira mumgodi. Iwe! Chitseko chachitsulo chitangotsekedwa, mtima unagunda, ndinagwira dzanja la amalume ngati mwana. Ife tinatsika pang'ono chabe, pomwe antchito ankafika makilomita oposa 3 pansi. Kumeneko kumanunkha mwala wonyowa, madzi akungodontha. Wotiperekeza anatisonyeza makina obowolera mwala, olemera moti ndinalephera kuwasuntha, kenako anati tizimitse nyale. Mdima wake sindinauonepo. Ndinaika chikhatho pamphuno, osachiona.

Mumdimamo ndi momwe ndinawakumbukira agogo aamuna. Ukuwakumbuka, atakhala pakhonde ndi chipewa chawo chija, akutsokomola mpaka misozi? Akakwiya ankatikalipira m'Chilapalapa, ife n'kumaseka. Sitinkadziwa kuti ndi chilankhulo cha pansi pa nthaka, chimene Mchewa, Msutu ndi Mshangani ankamvanirana nacho. Chifuwa chija ndimakhulupirira tsopano kuti chinali cha fumbi la mwala, limene likalowa m'mapapo silitulukamo. Zaka zonse zija palibe tsiku ndinakhala nawo pansi kuwafunsa kuti kunali bwanji. Zimenezi zikundipweteka kwambiri.

Titatuluka tinakaonera akuthira golide wosungunuka m'chikombole. Amayenderera ngati phala lamoto, ofiira kuti psuu, kenako n'kuuma kukhala njerwa. Anthu anaomba m'manja. Ndi wokongoladi, sindinganame, koma ine ndinkangoganiza za matani a miyala amene manja a anthu anafukula kuti njerwa imodziyo ipezeke.

Pobwerera tinagona ku Francistown, ndipo amalume anatikumbutsa kuti ndi pamene ndege za Wenela, bungwe lolemba anthu a ku migodi ya ku Joni, zinkatera. Mu 1974 ina inagwa itangonyamuka, amuna oposa 70 a ku Malawi omwe ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Kamuzu anaimitsa kulemba anthu a ku migodi chaka chomwecho. M'galimoto munali zii mpaka ku Nata.

Dzulo ndinapita kwa amayi, tinatsegula sutikesi ya agogo. Muli chithunzi chimodzi, iwo ndi anzawo atatu atavala magambuti, kumbuyo kulibe dzina ngakhale limodzi. Ndakutumizira pa WhatsApp. Agogo ako nawonso anali ku Joni zaka zomwezo, ndiye ukawaimbira amayi ako uwasonyeze, mwina pali nkhope imene angaizindikire.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Matero.