Kusalaza ziwerengero si kuphika manambala, koma chulu chisiyidwe

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankheko mawu amene ndimawamva kawirikawiri m'minibasi ndi pa wailesi, akuti akatswiri a ziwerengero "amaphika manambala" akakhala m'maofesi mwawo. Ine ndinali m'gulu la olemba anthu pa kalembera wa mu September 2018, uja anapeza kuti m'Malawi muno tinalimo anthu opitirira pang'ono 17.5 miliyoni, ndipo zina ndinaziona ndi maso angawa.

Tsiku lina ndinafika pakhomo pa agogo ena aakazi, ndinawapeza akutongola chimanga pamphasa. Nditawafunsa zaka zawo, anaseka. "Mwanangu, zaka ndiziwerengere chiyani? Njala ya 49 ija ndinali nditayamba kale kutunga madzi ndi kachidebe." Mdzukulu wawo anadumphira pomwepo: "Ingolembani 80." Mwina anali ndi zaka 76, mwina 78, koma 80 ndiyo inali yokoma kutchula. Khomo lotsatira kunali 60, lina 45, lina 70. Pofika madzulo tabuleti yanga inadzaza ndi zaka zothera ndi 0 kapena 5, ngati kuti m'mudzimo ankabereka kamodzi pa zaka zisanu.

Vutoli si la kuno kokha, ndipo lili ndi muyeso wake, Whipple's index. Amatenga anthu a zaka 23 mpaka 62 n'kuona kuchuluka kwa amene zaka zawo zikuthera ndi 0 kapena 5. Likatuluka 100 ndiye kuti zili bwino; 500 ndiye kuti aliyense wathamangira manambala awiriwo.

Tsono tiyerekeze mudzi umene walembetsa anthu 12 a zaka 59, anthu 40 a zaka 60, ndi 11 a zaka 61. Mukagawa maliro a chaka chimenecho ndi manambala otere, zioneka ngati wa zaka 60 ndi wolimba kuposa mng'ono wake wa 59. Katswiri amaphatikiza misinkhu itatuyo, 63, n'kugawa patatu, msinkhu uliwonse 21. Sanaonjezepo munthu, sanachotsepo munthu. Wangophwanya chibuma kuti munda usalale. Njira zenizeni ndi zakuya kuposa pamenepa, monga ya akatswiri a masamu Whittaker ndi Henderson imene a inshuwalansi amaidalira, kapena njira za katswiri wa ziwerengero za anthu William Brass zimene anazikonzera mayiko opanda kaundula wodalirika wa obadwa ndi omwalira, koma mzimu wake ndi womwewo.

Kwa ana n'kumene zimawawa kwambiri. Mayi amene mwana wake anatisiya ali ndi miyezi khumi kapena khumi ndi umodzi amangoti "anali ndi chaka." Ndani angam'panikize ndi mafunso pa nkhani yotere? Koma yankho limenelo lam'chotsa mwanayo m'gulu la makanda omwalira asanakwanitse chaka, ndipo chiwerengero chija chimatsika pa pepala pomwe kumanda sikunasinthe kanthu. Pa uchembere n'chimodzimodzi. Mtsikana wa zaka 19 wobereka mwana kumsana amaoneka wamkulu, amalembedwa 20, basi wachoka m'gulu la 15 mpaka 19. Pamene timva kuti ana obadwa kwa mayi mmodzi, pa avareji, anatsika kuchoka pa 5.7 mu 2010 kufika pa 4.4 pa kafukufuku wa 2015-16, tidziwe kuti nambalayo imamangidwa pophatikiza magulu asanu ndi awiri a misinkhu, kuyambira 15 mpaka 49.

Nkhawa yanga ili pena. Katswiri wa masamu Benjamin Gompertz anaonetsa mu 1825 kuti munthu akakula, chiopsezo cha imfa chimakwera mwandondomeko ndi msinkhu. Masiku ano amati chimawirikiza kawiri pafupifupi zaka zisanu ndi zitatu zilizonse. Koma ife amene tinaona m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000 tikudziwa kuti Edzi inaswa ndondomeko imeneyo. Tinkaika m'manda a zaka 28, a zaka 35, agogo awo ali moyo, akulera ana amasiye. Pa tchati pamenepo pamaoneka linunda, ndipo linundalo si chibuma ayi, ndi chulu chenicheni. Wosalaza mwaulesi, wongobwereka mzere wa dziko lina, angalifafanize n'kubisa maliro a anthu athu.

Choncho pempho langa kwa a National Statistical Office, ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba, ndi kwa inu atolankhani n'lakuti manambala osaphika ndi osalazidwa aziikidwa moyandikana, ndipo njira imene yagwiritsidwa ntchito izifotokozedwa m'Chichewa chomveka, ngakhale m'ndime imodzi. Kwa makolo anzanga, kulembetsa mwana akangobadwa ndi lamulo tsopano, ndipo a National Registration Bureau alipo chifukwa cha zomwezo. Mdzukulu wanga wamng'ono chiphaso chake chobadwira tinachisunga m'pulasitiki, pamodzi ndi buku lake la kusikelo, pansi pa sutikesi ya agogo ake.

Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu