Chilengezo: Loweruka tikumanga khola, nkhuku zisanafike

Mamembala nonse, mwaswera bwanji? Nkhani ya nkhuku ija tsopano yapsa. Loweruka likubwerali 7 koloko mmawa tikumane kuseri kwa nyumba ya amayi tcheya timange khola lachitsanzo, aliyense aone ndi maso ake kenako akamange lake kwawo.

Khola lake likhala lammwamba, pafupifupi mita imodzi kuchoka pansi, pansi pake tiyala nsungwi zosiya timipata kuti zitosi zizigwa tizikawolera kudimba. Pa miyendo ya khola tikhomerapo malata opinda ngati fanulo kuti makoswe ndi likongwe asakwere, ndipo chonde waya wa mesh akhale wa maso ang'onoang'ono chifukwa wa maso akuluakulu uja njoka imangodutsa usiku mmawa mwapeza mazira atatha. Amene muli ndi milimo, misomali, hamala, sowo kapena malata otsala bweretsani, udzu wofolera nawonso ukufunika.

Tinagwirizana zoyamba ndi Mikolongwe, zakuda zija, zimapirira komanso zimaikira bwino. Koma zisabwere khola lisanathe ayi. Yambani kusunga madeya ndi soya wokazinga, zomwera zikhale zotsuka.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chitopa, nyengo yotentha ikafika chimasesa mudzi wonse. Alangizi a ziweto tawauza kale abwere ndi katemera wa I-2, kadontho kamodzi m'diso, ndipo timabwereza pakatha miyezi 4 iliyonse. Nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa ndi achibale muyiike payokha kaye milungu iwiri musanaisakanize.

Amene simubwera mudziwitse alembi pofika Lachinayi kuti tidziwe ufa wophika.